Chaka Chimene Ndinaphunzitsa Mamolo

Inu, senderani kuno, basi ya ku Lundazi siibwera manje. Mu 1994 ine Ackim Goma ndinali tichala wa zaukalipentala pa sekondale ina kwathu ku Chama. Mnzathu wa kemisitiri atathawira ku Botswana, ahedi anafunsa ngati alipo angagwirizire kalasi yake. Ndinaimika dzanja, poti madamu Christine a Chizungu anali kundiyang'ana.

Buku ndinalipeza litadyedwa ndi chiswe mpaka pa mutu wa mamolo. Kufunsa, ine? Ndinatsegula dikishonale, ndipo inati molo ndi mfuko, ija imadya mbatata. Ndinati kani sayansi ndi yophweka chonchi.

Lolemba ndinawerengera ana funso loyamba: mu magalamu 36 a madzi muli mamolo angati? Ndinawauza kuti mulibe, mfuko sisambira. Onse analemba, kupatula Eneless, mtsikana wa ku Tembwe amene anali ndi makope a mkulu wake. Iye anati molo ndi muyeso chabe, ngati dazeni, koma wa tinthu tosaoneka, sikisi wotsatidwa ndi maziro 23. Anati molo imodzi ya madzi imalemera magalamu 18, ndiye yankho ndi mamolo awiri.

"Unatiwerenga ndiwe tinthuto?" ndinamufunsa. Ndinamutuma kukasesa.

Lachinayi kunabwera insipekita, a Donald Ng'uni. Ine ndinali nditakola mfuko yonenepa ku Kambombo, ndabwerekanso sikelo ya makanda ku kiliniki. Ndikuiyeza, inandiluma chala, n'kudumpha, n'kulowa m'mwendo wa buluku la a Ng'uni. Akulu aja anavina, inu, mpaka tayi kumsana. Ndinadziwa kuti ntchito yatha.

Atapuma, anafunsa ngati pali funso. Eneless anaimirira n'kubwereza zake zija. A Ng'uni anamvetsera, kenako anamulangiza kuti mwana wamkazi azilemekeza aphunzitsi. Kani iwo anaphunzira histole!

"A Goma," anatero akukuntha buluku, "izi ndiye boma lifuna. Zipangizo za kumaloko."

Patapita mwezi kalata inafika: ndikaphunzitse matichala a boma lonse la Chama njira yanga. Ndikanakana bwanji? Ndinapita, ndipo anawomba m'manja.

Mayeso a chaka chimenecho musandifunse. Anakhoza Eneless yekha. Koma kuchokera ku Tembwe mpaka ku Chifunda mfuko zinatheratu m'minda, matichala atazikola zonse, ndipo mbatata zinabereka zimene sitinaonepo.