Mmene Ndinkakwezera ndi Kutsitsira Malikisi a Achimwene

Ndinene poyambirira pomwe kuti amene anayambitsa zonsezi ndine. Sindikukana, komanso musayembekezere kuti pamapeto ndilira. Chondipsetsa mtima n'chimodzi chokha: pa anthu onse a pakhomo pathu, amene anazunzika kwambiri ndi chiwembu changa ndine ndemwe. Matuza m'manja mwangamu sanapolebe.

Nditamaliza Fomu 2 ndinabwera kutchuthi kwathu, kumapiri a ku Chezi, ndili ndi zolinga ziwiri basi: mpira ndi tulo. Ndinapeza achimwene anga a Filimoni atasanduka munthu wina. Iwowa anamaliza Fomu 4, ku yunivesite dzina lawo silinatuluke, ndiye ankakonzekera mayeso olowera kusukulu ya zamalonda ku Blantyre. Tsitsi anali atameta kale mwaulemu, khadi yachipani ataiika kale m'thumba la jekete kudikira tsiku lokwera basi (masiku amenewo wopanda khadiyo sankakwera), ndipo bolopeni sinkachoka kukhutu ngakhale popita kuchimbudzi. Nkhuku za amayi ankazitchula kuti katundu wa kampani.

Mapepala a mayeso oyeserera anabwera papositi, mtolo wathunthu. Abambo, omwe ndi mkulu wa mpingo ndipo akanena chinthu sabwereza, anang'amba masamba a mayankho n'kuwasunga okha. Kenako anaika lamulo.

"Malikisi akakhazikika pamwamba, upita ukalembe. Akapanda kutero, fodya wa chaka chino akufuna manja."

Kwa achimwene nkhani inali imeneyo: Blantyre kapena chigafa. Inenso zinkandikhudza, chifukwa timagona mphala imodzi, ndipo akanatsala pamudzi ndikanakhala ndi bwana mpaka imvi.

Ntchito yanga inali yosunga nthawi. Iwo ankalembera pakhonde, pomwe pamawala bwino, ine n'kukhala pabalaza pansi pa wotchi yapakhoma. Wotchi imeneyi abambo anapatsidwa ku mishoni, ndipo wololedwa kuikhudza anali iwo okha. Ndinkafuula kuti "Yambani!" kenako "Lekani kulemba!" Koma achimwene sankandikhulupirira. Poyamba ndi pomaliza ankalowa kudzaona okha mivi.

"Pabizinesi sitikhulupirira munthu, mphwanga," ankatero. "Timakhulupirira chida."

(Kunena zoona, mawu amenewa ndi amene anandipatsa nzeru. Akanangondikhulupirira ndikanangowanamiza pakamwa, wotchi ya eni ake osaikhudza.)

Tsiku lina anzanga anayamba kuimba likhweru kuseri kwa nkhokwe. Tinali ndi mpira ndi anyamata a tsidya la mtsinje. Abambo anali kuchigafa, amayi kukhitchini, achimwene ali mkati molimbana ndi masamu a chiwongoladzanja. Ndinakwera pampando wa abambo, ndinatsegula kachitseko ka galasi, n'kukankhira muvi wautali kutsogolo.

"Lekani kulemba!"

"Aa! Yatha kale?"

Analowa, anayang'ana wotchi, anakanda m'mutu. "Nthawi ndi yoopsa, mphwanga. Uziiopa." Atangotuluka ndinabwezera muvi pamalo pake, ulendo wa kumpira. Madzulo atachonga pamaso pa abambo anapeza 38. Chakudya anangochiyang'ana.

Chisoni chinandigwira pang'ono, ndiye mawa lake muvi ndinaukankhira kumbuyo. Analemba mpaka mafunso onse anatha, anabwerezanso, anayamba kuyasamula. Anapeza 84. Madzulo amenewo anazungulira bwalo lonse manja kumbuyo ngati akufuna kugula mudzi.

Pamenepo ndinazindikira kuti ndagwira chiwongolero. Akandituma kupolisha nsapato zawo, malikisi ankatsika. Akandisiyira mbatata yootcha, ankakwera. Tsiku lina anandikonza Chingerezi pamaso pa atsikana a kwaya, ndipo mawa lake sanafike ngakhale pakati pa pepala.

Pakhomo panabuka chisokonezo. Azakhali a ku Madisi atabwera kudzacheza anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Mwanayu alipo akumuponda. Si zachilendo izi?"

"M'nyumba muno za mankhwala ayi," anatero abambo. "Tipemphera."

Achimwene anakana zonse ziwiri, koma chamumtima. Atandikokera kumphala anati, "Chilichonse chili ndi chifukwa chake. Iwe umandiona tsiku lililonse. Masiku amene ndimakhoza ndimakhala nditachita chiyani?"

Apa ndi pomwe ndinadzikumbira dzenje. Ndikanangoti sindikudziwa. Koma ndinawaona m'maganizo akunjenjemera kukhwawa mbandakucha, mwera ukuwakwapula, ndipo ndinalephera kudzigwira.

"Aphunzitsi athu a sayansi amati madzi ozizira a pakasupe amadzutsa ubongo," ndinatero ndi nkhope ya m'tchalitchi. "Koma azikhala otungidwa dzuwa lisanatuluke."

Maso awo anawala. Anathamanga kukauza amayi. Ine ndinali nditayamba kale kuseka m'bulangete pomwe ndinamva amayi akuti, "Munthu woti alemba mayeso atsike kukhwawa ndi chisanu ichi? Adwale chibayo? Ayi. Mng'ono wakoyu akutani? Azikakutungira."

Amene amadziwa kwathu amvetsa. Kasupe wathu ali pansi penipeni, njira yake yoti potsika umagwira udzu, pokwera mawondo amagunda chibwano. Ndipo pakasupe m'mawa pamakhala atsikana okhaokha.

"Takulandirani achemwali! Nkhata mwaiwala?"

"Akwatiwa liti awa, ife osatiitana?"

Wina mpaka anandibwereka chitenje. Ine wa sekondale, woponya zigoli, ndowa m'manja, madzi akundithira m'miyendo. Pofika pamwamba achimwene ankaviika chala m'ndowamo kuyesa ngati akuzizira mokwanira.

Ndinati izi zithe msanga. Tsiku lomwelo ndinakankhira muvi kutsogolo kwambiri kuti aone okha kuti madzi alibe ntchito. Anapeza 41. Ndinadikira kuti anene kuti za sayansizo n'zabodza.

"Ndaona vuto," anatero. "Ndowa imafika ili theka. Madziwo sakukwana thupi lonse. Kuyambira mawa ziwiri."

Ziwiri! Ndinayesa kukhota. Ndinati ndakumbukira bwino tsopano, aphunzitsi aja anati chenicheni ndi dzira, madzi ndi nkhani yakale. Cholinga changa chinali chakuti asiye madzi atsate dzira. Madzi sanasiyidwe. Koma dzira limene amayi ankandiphikira m'mawa, poti ndinabwera kusukulu nditaonda ndi nyemba zofumbwa, linasamukira m'mbale ya achimwene. Ankalisenda pang'onopang'ono ine ndikuona.

Ndinaganiza zowakweza kuti mwina akhutira n'kundisiya. Anapeza 86.

"Mwaona amayi? Madzi ndi dzira. Mwanayu sukulu ikumuthandiza," anatero achimwene akundiloza.

Ndiye taonani pomwe ndinafika. Ndikawatsitsa, ankawonjezera mankhwala. Ndikawakweza, ankati mankhwala akugwira, tisasinthe kanthu. Mpira ndinasiya chifukwa masana miyendo inkanjenjemera. Munthu mmodzi yekha padziko lonse ankadziwa kuti zonsezi n'zopanda pake, ndipo ndi yemweyo ankasenza ndowa.

Abambo nawo anatopa. Lachinayi lina anavula magalasi n'kunena kuti, "Filimoni, malikisi akowa akukwera ndi kutsika ngati msewu wa ku Ntchisi. Loweruka lino ndi lomaliza. Ukagwa, Lolemba tikayamba nazale."

Achimwene anatuluka. Kumphala anangokhala pamphasa, bolopeni ataichotsa kukhutu n'kumaiyang'ana. Ine mantha anandigwira. Ndinkafuna kuwazunza, inde, koma osati kuwasandutsa mlimi wa fodya wogona nane chipinda chimodzi.

Loweruka ndinakankhira muvi kumbuyo. Patapita kanthawi ndinasuzumira pazenera, ndinaona akutafuna bolopeni, ndinakankhanso. Ndinamva akuusa moyo, ndinakankhanso kachitatu. Munthu analemba mpaka mthunzi wa khonde unasamuka. Anapeza 91. Amayi analuluta, abambo anagwedeza mutu, ndipo panalamulidwa kuti tambala aphedwe. Womuthamangitsa anali ndani? Ine. Tambalayo anandizungulitsa nkhokwe, khola ndi munda wa aneba, ndipo pomwe ndinkamugwira n'kuti za muvi zitachokeratu m'mutu mwanga.

Lamulungu lake linali la mgonero. Abusa amabwera kwathu mwa apo ndi apo, ndiye tsiku lotere anthu amachokera midzi yonse. Woimba belu anali abambo. Belu lathu ndi mkombero wa lole wopachikidwa pamtengo pafupi ndi tchalitchi, ndipo abambo sankanyamuka kukaumenya wotchi yawo isanawauze.

M'mawa umenewo anakhala pampando wawo, suti atavala, akumwa tiyi mosafulumira. Amayi anaima pakhomo atavala kale zoyera za Mvano.

"Bambo a Filimoni, dzuwali lakwera."

"Dzuwa la nyengo ino limafulumira. Wotchi iyi inachokera ku mishoni."

Ndinayang'ana mivi, ndinayang'ana panja, thukuta linayamba. Kukonza sikukanatheka, poti mpando wokwerapo ndi womwe abambo anakhalira. Ndinayesa kuwauza kuti mbuzi zalowa m'dimba. Anati ndikazitulutse ndekha. Ndinati kuchigafa kukumveka fungo la utsi. Anatuma achimwene.

Kenako tinamva belu la njinga. Abusa eniake, kolala m'khosi, thukuta lili kamukamu, kumbuyo kwawo akulu a mpingo awiri.

"Odi kuno! Akulu a mpingo, kwagwanji? Anthu adzaza mpaka panja, nyimbo zatha. Timati mwina mwadwala."

"Abusa, mwafulumira ndinu," anatero abambo mwaulemu wonse, akuloza kukhoma.

Abusa anawaonetsa wotchi yawo yapamkono.

"Timawotchi tapamkonoti timanama, abusa. Timatenthedwa ndi thupi."

Mmodzi wa akulu aja anati titsegule wailesi. Abambo anabweretsa wailesi yawo, yomwe mabatire ake amasungira nkhani zokha, ali ndi nkhope ya munthu woti awina mlandu. Inalira kanyimbo, kenako muulutsi anatchula nthawi. Tinachedwa kuposa ola lathunthu.

Amene anandimaliza ndi amayi. Sanakweze mawu. Anangoti, "Ndiye chifukwa chake tsiku lililonse ndimapukuta mapazi pampando wanuwu?"

Anthu onse, ndi abusa omwe, anayang'ana mapazi anga. (Mapazi anga ndi aakulu. Ndinatengera kwa abambo omwewo, koma sinali nthawi yoti ndiwakumbutse.)

Ulaliki wa tsikulo unali wa kapolo wosakhulupirika, ndipo abusa ankati akatchula kapoloyo n'kuyang'ana mbali yomwe ndinakhala. Titabwerera kunyumba ndinafotokoza zonse, kuyambira mpira mpaka dzira. Ndinkayembekezera kuti achimwene andilumphira. Iwo anangokhala pansi n'kufunsa ndi mawu aang'ono, "Ndiye ine ndine wa 38 kapena wa 91?"

Funso limenelo linandilasa pang'ono, ndivomere. Palibe ankadziwa yankho, ngakhale ine.

"Za ku Blantyre zaima," anatero abambo. "Sindingatumize munthu amene sindikudziwa mutu wake."

Abusa, omwe anatsala kudya nkhuku yotsala dzulo, anavula wotchi yawo n'kuiika patebulo. "Ndigona konkuno mpaka Lachiwiri. Muyeseni ndi iyi, ngati simukuopa kuti itenthedwa ndi thupi."

Lolemba abambo anakhala okha pakhonde, wotchi ya abusa m'manja, ine atandithamangitsira kudimba. Panalibe madzi a pakasupe, panalibe dzira. Achimwene anapeza 67. Lachiwiri anapeza 69. Abambo anayang'ana mapepala awiriwo nthawi yaitali.

"Awa ndiye ako. Upita."

Madzulo achimwene anandiuza kuti masiku aja nthawi inkawathera msanga anaphunzira kuyamba ndi mafunso osavuta, ovuta n'kuwasiyira kumapeto, ndipo n'zimene zinawathandiza.

"Mwaona? Ndinakuphunzitsani ulere. Mundithokoze."

Anandigogoda ndi bolopeni pamutu, mbali yachitsulo. Mayesowo anakalemba, tikudikira zotsatira. Akakhoza, pakhomo pano palibe amene adzatchule dzina langa, ndikudziwa kale.

Chilango changa abambo anachiganizira masiku angapo. Ndinali nditavala kale makabudula awiri kudikira chikoti, koma iwo anabwera chimanjamanja.

"Popeza umakonda kwambiri za nthawi," anatero, "kuyambira mawa belu uziimba ndiwe. La mapemphero a m'bandakucha, la kalasi ya kutchalitchi, la Lamulungu. Tchuthi chino ndi tchuthi chilichonse."

Kachitseko ka wotchi anakamanga ndi waya. Tsopano amayang'ana okha mivi, n'kundigwedeza phewa kuti, "Nyamuka." Ndimanyamuka ndithu, chitsulo m'manja, mano akugundana ndi chisanu. Amayi amati tsopano mwana waphunzira. Ine ndimangoti inde amayi.

Kungoti kuchokera kunyumba kukafika pamtengo wa belu pali kamtunda, ndipo m'njira monsemo mulibe wotchi. Dzana lija mudzi wonse unadzuka mochedwerapo pang'ono, anthu n'kumati agona bwino. Sabata yamawa anyamata a tsidya lija akubwera kudzabwezera mpira Lachitatu masana, nthawi ya kalasi, ndipo ndaona kale kuti kalasiyo iyamba msanga.