Sabata imene anatichotsera mzere

Lolemba

Loweruka tisankha mlembi wa komiti ya zinyama kuno ku Lupande. Mpandowu ndi wanga zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo ndikuufunabe. Ndani wina angalembe bwino munda umene njovu zadya, mwini wake, tsiku lake ndi kukula kwa malo? Ndinalekera Giredi 7, koma m'buku langa mulibe pofufutidwa.

Kasankhidwe kathu n'kodziwika. Ofuna mpando amaima pansi pa mtengo wa bwemba kusukulu, anthu amandanda kumbuyo kwa amene amufuna, kenako timawerenga mitu. Oima kumbuyo kwanga:

- a kwathu onse
- a kwa mkazi wanga (sangachitire mwina, ndimawaona)
- a kwaya, chifukwa makiyi a tchalitchi ndimasunga ndine
- Azakhali, patsogolo penipeni, ndi ndodo yawo

Wopikisana nane ndi mmodzi, a Sakala, amene amaima nthawi zonse kuti angooneka. Mtima uli m'malo.

Lachiwiri

Kalata yochokera ku boma. Za mizere zatha. Aliyense alandira kapepala, alowa kuseri kwa chitenje, achonga, apinda, aponya m'bokosi. Mwachinsinsi. Ndawerenga katatu, kachitatuko ndi chala.

Pansi alemba kuti mlembi afotokozere anthu lamulo latsopanoli. Mlembi ndine.

Tiyi wazizira m'kapu.

Lachitatu

Dzulo tinali awiri. Lero tili asanu ndi atatu! Kale munthu ankaopa kuima, chifukwa kucheuka n'kupeza kumbuyo kwako kuli mbuzi yokha ndi manyazi a chaka chathunthu. Tsopano wogwa agwera m'bokosi, palibe womuona. Alembetsa:

- Amai Chulu, ogulitsa nsomba zouma pamsika wa Mfuwe
- Yona, woperekera zakudya kuloji ya alendo, wa Chingerezi cha m'mphuno
- masikauti awiri olonda zinyama, opuma ntchito
- wokonza njinga wa pamphambano
- mlamu wanga Zakeyo

Zakeyo! Wadya kwanga Lamulungu lomweli. Akuti: "Alamu, musakwiye, ndingoyesako. Palibe chotaya."

Maina onse ndalemba ndine, ndi rula.

Lachinayi

Kufotokoza khomo ndi khomo kuyambira 7 koloko. Ndanyamula katoni ya sopo, chitenje cha mkazi wanga ndi timapepala toyeserera. Ntchito ikapatsidwa kwa ine iyenera kuchitika bwino. Paliponse ndikubwereza zomwezo: chongani pamodzi pokha, musalembe dzina lanu, pindani kawiri, musaonetse munthu. Mwamuna sadziwa za mkazi, mkazi sadziwa za mwamuna. Wolakwitsa ndikumubweza kuseri kwa chitenje mpaka akhoze.

Azakhali afunsa: "Ngakhale iwe sudzadziwa?" Ndati ngakhale ine. "Ukakafunsa wa ku boma wodzawerenga mavoti?" Ndati iyenso sadziwa. Aseka mpaka kutsokomola, kenako apempha kuyeseranso kachiwiri.

Kusekako sindinakukonde.

Lachisanu

Ndangozindikira: dzulo ndayenda mudzi wonse osanena paliponse kuti asankhe ine. Ndinaiwala! M'mutu munali kupinda kapepala basi.

Amai Chulu sanayende khomo ngakhale limodzi. Amangocheza ndi ogula nsomba. Akuti munthu njovu zikamudyera munda, ayambe wapepesedwa, buku libwere pambuyo.

Ndakumbukiranso kuti chaka chatha ndinakana kulemba munda wa Azakhali. Anabwera kudzanena patapita masiku atatu, pamene lamulo lathu limati awiri. Lamulo ndi lamulo. Koma ndakumbukira. Ndakumbukiranso minda ina inayi.

Aliyense wokumana nane akuti, "Musade nkhawa, a Mlembi." Masana ndamva a kwaya akuuza Yona kuti asade nkhawa.

Malaya ndasita kawiri. Mkazi wanga akuti ndikhale pansi, ndikudzutsa fumbi pabwalo.

Loweruka

Ndafika woyamba, 6 koloko. Pofika 8 ndicheuka: mudzi wonse uli kumbuyo kwanga, mzere mpaka kumjigo. Chiyambire sindinakhalepo ndi mzere wotere. Ndikudziwa kuti ndi wa bokosi. Komabe ndaimirira pang'ono, mpaka wa ku boma ati, "Atate, tiyeni, dzuwa likuotcha anthu."

Zotsatira. Amai Chulu apambana, kutali. Yona wachiwiri. Zakeyo mavoti 7. Ine 6.

Ndapempha kuti awerengenso. Awerenganso. 6.

Wa ku boma wandigwira dzanja pamaso pa onse. Akuti palibe kapepala kolakwika ngakhale kamodzi, ndipo amene anaphunzitsa anthuwa ndi katswiri. Anthu aomba m'manja kwa nthawi yaitali. Azakhali aliza nthungululu, ndodo ili m'mwamba.

Panjira ndafunsa mkazi wanga, mwaulemu, kuti wasankha ndani. Akuti: "Si inu munatiphunzitsa, bambo?" Wapitiriza kuyenda.

Lamulungu

Buku ndapereka kwa Amai Chulu titatuluka m'tchalitchi. Ndawaonetsa polemba tsiku ndi polemba dzina. Amvetsera bwino, kenako aliika m'dengu. Pofika mawa lidzakhala likununkha nsomba.

Ondinong'oneza kuti anasankha ine afika 23. Ndinayamba kulemba maina kuti ndipeze enieniwo, koma ndasiya pakati. Aliyense amandiyang'ana m'maso bwinobwino.

Voti imodzi ndi yanga. Kotero m'mudzi muno muli anthu asanu amene anandisankha popanda wowaona, ndipo sindidzawadziwa. Palibe chochita. Ndiyenera kupereka moni wabwino kwa aliyense, wamkulu ndi wamng'ono, kuopa kulakwira mmodzi wa iwo.

Ndayamba lero. Kuchokera kutchalitchi kufika kunyumba ndatenga maola awiri.