Mbuzi za ku Utale ndi Bokosi Lopanda Kanthu

Lolemba
Dziko lidziwe: kukondera kwatha ku Utale lero, 10 koloko m'mawa. Bungwe lathu likugawa mbuzi makumi anayi, ndipo wosankha chaka chino ndi kompyuta. Ilibe mlamu, ilibe msuweni. Banja lililonse lili ndi mzere wake m'databesi, kaundula wa m'kompyutamo. Ine ndikungoika sefa wa mayina, lamulo lotchedwa WHERE: banja loyang'aniridwa ndi mayi, mbuzi ziro. Digiri yapeza ntchito.

Lachiwiri
Mayina achuluka kuposa mbuzi. Ndikulowetsa funso m'kati mwa funso: lamkatilo litole amene analandira chaka chatha, lakunjalo liwachotse ndi lamulo la NOT IN. Otsala: palibe. Utale yense walemera tsiku limodzi!

Lachitatu
Ndachigwira. Pa mndandanda wa chaka chatha mzere umodzi ulibe nambala ya banja. Kompyuta ikaona bokosi lopanda kanthu imati sindikudziwa, ndipo ikapanda kudziwa imabweza aliyense. Khalidwe la m'maofesi yaliphunzira msanga. Ndikuchotsa mzerewo. Mayina 38.
Abwana: "Achimwene, sindikizani. Mbuzi zikutha maluwa kunjaku."

Lachinayi
Mndandanda wadindidwa, wamatidwa pakhomo. Zimene mbuzi zadya lero: maluwa otsala, chingwe, ngodya ya mndandandawo.

Lachisanu
Kwabwera a Asiyatu, wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Akulera zidzukulu zinayi. Dzina lawo mulibe. Ndikuwafotokozera kuti makina asankha okhawo opanda mbuzi.
"Ndiye kuti ine ndili nazo?"
Ine: "Makina salakwa, mayi."
"Iyayi, sindikukana. Muwafunse makinawo zili kuti, ndikazimasule. Ndibwera Lolemba."

Loweruka
Mwambo wogawa. Zolankhula zisanu ndi chimodzi. Mbuzi ziwiri zotsala, poti zilibe mwini, zaphedwera alendo.
Masana ndikutsegula mzere wa a Asiyatu. Bokosi la mbuzi mulibe kanthu. Wolemba kalembera atapeza kuti palibe mbuzi, sanalembe chilichonse. Nzeru zake n'zomveka. Koma sefa wanga amafuna ziro wolembedwa, wozungulira bwinobwino. Kusowa kosalembedwa sakuwerengera.
Matenda omwewa a Lachitatu. Ndinachiza funso lamkati, lakunja osaliyang'ana.

Lamulungu
Ndakonza: ziro, kapena bokosi lopanda kanthu. Mawu anayi okha. Mayina ena khumi ndi limodzi atulukira, a Asiyatu pamwamba. Funso langa tsopano lilibe banga, ndipo khola lilibe mbuzi.
Mawa a Asiyatu akubwera kudzamva yankho, wapansi. Nyama ya dzulo ija ndinadya nawo. Ndinawonjezeranso.