Ndege Yanga ndi Chiliza cha Agogo

Mu Zengeza 3 monse mulibe munthu wodziwa zamagetsi kuposa ine. Ndinapita kukoleji. Zoti sindinamalize n'zoona, koma mwa onse amene anamalizawo palibe ndi mmodzi yemwe ali ndi ndege. Ine ndili nayo. Kapena ndinene kuti ndinali nayo, ndipo mpaka lero abale anga amandiyankha moni akuyang'ana kumbali.

Ndegeyo inali kadironi, kakukula ngati mbale ya ndiwo, kokhala ndi kamera kumimba. Anandipatsa ndi mlamu wanga wa ku Joni, ana ake atatopa nako. Ndiye banja litagwirizana zovundukula chiliza cha agogo aamuna, ndinaimirira pamsonkhano n'kulonjeza kuti mwambo wonse ndijambula kuchokera kumwamba, abale a ku Ntcheu akaonere pafoni.

Mwambowo unali ndi mwini wake. Agogo pobwera kuno kudziko la Ashona kudzagwira ntchito m'mafamu anasiya mwana wamkazi ku Ntcheu, azakhali a Nachisale, amene maliro a bambo awo anangowamva. Akuluakulu anagamula kuti nsalu yoyera yophimba chilizayo achotse ndi iwowo, ndipo dzina lolembedwa pamwalapo ayambe kuliwerenga ndi iwowo. Anabwera pa basi kudzera ku Tete, anafika miyendo itatupa.

Nalo batire la ndege yanga linali litatupa. (Ndinkalitchajira kwa aneba a sola, pawindo, padzuwa. Kukoleji phunziro la dzuwa tinali tisanafikepo.) Linafufuma ngati chitumbuwa, osalowanso m'malo mwake. Ndinakwera kombi kupita kwa mkulu wina wokonza mafoni ku Unit C. Analitembenuza, analinunkhiza, kenako anatulutsa lina m'kabati, lalikulu kawiri.

"Simba rakawanda, mudhara," anatero m'Chishona.

Akuti mphamvu ndi zambiri. Ndinamuuza kuti za mphamvu asaphunzitse ine. Ndinamufunsa mafunso olemera a mavoteji mpaka anayamba kukanda m'mutu. Za kulemera kwa batirelo sindinafunse, ndipo iye, monga wogulitsa, anayenera kunena yekha.

Kunyumba ndinalumikiza mawaya mwaukatswiri, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Batire linakana kulowa, choncho ndinalimangirira kumimba ndi mpira wa chubu cha njinga. Nditakayesa pabwalo, kandege kanadzuka mpaka kufika m'mawondo.

"Iwe, kanthu kakoka kakulira ngati kakudwala," anatero amayi ali pakhonde.

"Kakusunga mphamvu, amayi."

"Nawenso kukoleji unkasunga mphamvu."

Ndinangotola kandege kanga. Sayansi sikangana ndi makolo.

Loweruka kumanda kunadzaza. Azimayi a kutchalitchi anayamba nyimbo, abusa anatseka Baibulo, ndipo azakhali ananyamuka pang'onopang'ono kulunjika pachiliza, bambo anga atawagwira mkono. Ine ndinayatsa ndege. Inakwera mpaka pamutu pa abusa, inaima kaye ngati ikuganiza, kenako inayamba kutsika chammbali ngati munthu wochokera kubawa. Ndinaikhotetsera kumanja, iyo inasankha kumanzere. Inakatera pansalu penipeni, mapiko ake n'kukola lesi wa m'mphepete.

Apa munthu wosaphunzira akanazimitsa. Ine ndinawonjezera moto.

Mwala uja ndi wosalala. Nsalu yonse inatsetsereka n'kugwera pansi itakulunga kandege, kakuphupha m'katimo ngati nkhuku yodulidwa khosi. Nyimbo inadukira pakati. Anthu onse, ngakhale amene anangobwerera mpunga, anawerenga dzina la agogo. Azakhali anali asanafike, dzanja atatambasula kale.

Anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Mwana wa ndani uyu?"

"Wanga, achemwali," anatero bambo motsitsa mawu.

"Ndi uja munkalemba kuti ali kukoleji?"

"Anali."

"Oho."

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anamasula chitenje chawo chapamwamba, anaphimba mwala okha, kenako anati, "Tembenukani nonse. Nanunso abusa." Khamu lonse linafulatira manda ngati ana a sukulu olakwa. Kumbuyo kwathu tinangomva chitenje chikukokedwa, kenako mawu awo akutchula dzina la bambo awo, chilembo ndi chilembo. Anakhalitsa pamenepo. Ine bambo anandilozera kugeti ndi mlomo, ndipo mpunga ndinadyera konko, wopanda nyama.

Madzulo ndinati ndidziwombole ndi kanema. Ndinatsegula pamaso pa onse. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza munali mdima wokhawokha ndi phokoso. Mpira wa chubu uja unali utatseka diso la kamera.

"Akaonere zimenezi ku Ntcheu?" anafunsa azakhali. "Mdima tili nawo kale."

Lolemba ndinabwerera ku Unit C ndili ndi ukali wonse, kandege kali m'jumbo, mapiko atathyoka. Ndinafotokoza za nsalu, za azakhali, za nyama. Mkulu uja anamvetsera akukonza foni ya munthu wina.

"Yakabhururuka here kana kuti haina?"

Akuti inauluka kapena sinauluke? Kuuluka inauluka, ndinavomera. Iye anati basi, nkhani yathera pomwepo.

Phunziro ndatolapo, ndipo ndi lalikulu: ogulitsa mabatire masiku ano alibe chilungamo. Kuchokera pa katswiri wa banja kufika pa munthu wodyera kugeti, zonsezi zinandidyera madola atatu. Kombi padera.