Lamulo Lidikire Ndudu

Lolemba
Chibwerereni ku nkhondo, a Mwale sandipatsa moni. Akuti ine, amene ndinkanyamula mauthenga, ndinalekerera mng'ono wawo Yohane kufa. Kufotokoza kuti uthenga umachedwa m'njira ndatopa nako. Ndakonza masewera a nkhondo kuti adzionere okha. Bwalo: kuseri kwa chigafa cha fodya. Asilikali: chimanga ndi nyemba. Malamulo:
1. Mkulu wankhondo akhale m'chigafa, asaone bwalo.
2. Lamulo lake lipite ndi mthenga.
3. Mthenga asayankhule mpaka ndudu yake ya chingambwe ithe; nduduyo ndiyo ulendo wake.

Lachiwiri
Abwera a Saidi a sitolo ya pa Wimbe ndi alamu anga a Gondwe. A Mwale zii. Tisanayambe n'komwe, nkhuku zadya theka la asilikali. Tasintha, tikugwiritsa miyala.

Lachitatu
A Gondwe akupichira tindudu toonda ngati udzu. Kukoka kawiri, lamulo lafika! Lamulo 4: ndudu inenepe ngati chala. A Saidi sasuta, angoigwira mpaka yazima. Uthenga wawo sunafikebe.

Lachinayi
A Saidi ali m'chigafa, akusuzumira pabowo n'kumakuwa: "Thawirani kumanzere inu!" Ndikuti kunkhondo sizitero. Akuti, "Nanga pakamwapa ndi pa chiyani?" Akazi anga nawo: "Fodya wa kumsika uja mukumugulitsa kwa mphepo?" Zikundiwawa, koma akunena zoona.

Lachisanu
A Mwale abwera! Osati chifukwa cha ine, amva zoti kuno kuli fodya waulere. Zilibe kanthu, bola akhale pansi.

Loweruka
A Mwale ndiwo mkulu wankhondo, mthenga ndine. Akundinong'oneza: "Kawauzeni asilikali abwerere msanga." Ndayatsa ndudu. Ndikusuta, a Gondwe, amene lero ndi adani, akutola miyala ya a Mwale umodziumodzi, ine pakamwa tseke. Ndudu kutha, miyalanso yatha.
A Mwale atulukira: "Ndinalamula kalekale ine! Anthu angathe bwanji mawu ali m'njira?"
Mtima wanga myaa. Ndikuti amvetsa basi.
Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mumasuta pang'onopang'ono dala. Ndi khalidwe lanu."

Lamulungu
Masewera atha. A Saidi akuti ali ndi sitolo yoyang'anira, a Gondwe chifuwa chawagwira. Potuluka m'tchalitchi ndamva a Mwale akuuza anthu kuti dzulo aona ndi maso awo mmene ndinachitira. Kale ankangondiganizira. Tsopano akuti ali ndi umboni, ndipo wawapatsa ndine.