Chidendene Changa ndi Suti ya a Gondwe

Suti ya a Gondwe inachapika. Ndayambira pamenepa chifukwa pali abale ena akufalitsa zoti inatayidwa kudzala. Inachapika, ndinaiona ndi maso angawa. Zina zonse zimene mwamvazo n'zoona, kungoti mwazimva zopanda mutu, ndiye khalani pansi ndikuuzeni (a zidendene zabwino mukhoza kuimirira).

M'mawa wina ndikutsika pabedi ndinaponda msomali. Kuyang'ana pansi, msomali palibe. Kuyang'ana kuphazi, chilonda palibe. Ndinatsimphina mpaka kubafa, ululu n'kuyamba kuzilala wokha. Mawa lake chimodzimodzi. Msomali umenewu unali ndi nzeru: unkadikira ndigone kapena ndikhalitse pampando, ndikangoti ndiimirire, uli pomwepo pachidendene chakumanja. Tsiku lina ndinakuwa mpaka tambala wa aneba athu ku Area 2 anasiya kulira sabata yathunthu. Ndikunama ine? Kafunseni tambalayo.

Ntchito yanga ndi yosunga mafayilo pa ofesi ina ku City Centre, kukwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse. Zaka zonsezi ndayenda ndi nsapato zanga zakuda, zosongoka, zolimba kunsi ngati thabwa, zimene ndinazipeza pa kaunjika mu Msika wa Lilongwe. Zikamalira ko, ko, ko m'khonde la ofesi, anthu amabisa mafoni poganiza kuti kukubwera bwana wamkulu. Ulemu wina m'tauni muno umachokera kumapazi.

Ndinayamba ndi mafuta a mumsika, amene wogulitsa anati amachiza chidendene, chifuwa ndi banja logwedera. Phazi linangonunkha. Kenako ndinadula patapata wa mayi akunyumba n'kuika m'nsapato (mlandu umenewu sunathe mpaka lero). Mapeto ake ndinapita kuchipatala. Adokotala, mayi wosaseka, anadina pachidendene ndi chala chachikulu, ine n'kuona agogo anga amene anatisiya kalekale akundibayibitsa. Anandifotokozera kuti kunsi kwa phazi kuli mtsempha wokhuthala wochokera kuchidendene kukafika kuzala, ndipo wangawo watopa ndi kukokeka. Anati ndisanatsike pabedi ndizikokera zala kwa ine ndi thaulo, ndiziwongola katumba nditatsamira khoma, ndisamayende wosavala nsapato pasimenti, ndipo madzulo ndizigubuduza botolo la madzi oundana kunsi kwa phazi. Atatero anayang'ana nsapato zanga nthawi yaitali.

“Izi zipume, bambo. Pezani zofewa.”

Zonse ndinavomera kupatula chomalizachi. Munthu wamkulu ngati ine kuvala nsapato zothamangira, ndikuthawa ndani?

Tsono nthawi yomweyi Tadala, mwana wa achemwali anga a ku Area 13, anapeza banja, ndipo unkhoswe unali wanga monga malume wamkulu. Achemwali atandiona ndikudzuka pasofa pawo ngati ng'ombe yokalamba, anandiuza mosapsatira kuti nkhoswe imaima, imayenda, imavina, ndipo ngati zikundikanika udindowo aupereka kwa Yohane, mng'ono wanga. Yohane, anthuni. Munthu amene pamaliro a atate athu aang'ono anathokoza malemu chifukwa chobwera. Ndinawayankha kuti ndidzaima ngakhale ndi mwendo umodzi.

Nkhani ya botolo ndiyo ndinaigwira ndi manja awiri. Mayi akunyumba amagulitsa thobwa loundana, choncho filiji yathu ndi mabotolo a thobwa okhaokha. Ndinaona kuti madzi amasungunuka msanga pomwe thobwa limagwira kuzizira mpaka nkhani za pa wailesi kutha, ndiye ndinadzipatulira botolo limodzi. Madzulo pansi pa phazi, likasungunuka m'filiji, magetsi akazima lisungunukenso, akayaka liundanenso. Masabata atatu. Botolo lija linayamba kufufuma, kulimba ngati tayala la minibasi, ine n'kumati lazolowera ntchito. Ndipo linkathandizadi, apa palibe nthabwala.

Loweruka lina la mu Okutobala, akuchimuna anabwera kwa achemwali kudzakambirana za chinkhoswe. Wotsogolera anali a Gondwe, malume a mnyamatayo, bambo a ku Rumphi opuma ntchito m'boma, mkulu wa mpingo, amene chibadwire sanalaweko mowa (akuti ngakhale paukwati wawo anafunsa kawiri za madzi). Anavala suti yotuwa yosakhudzidwa ndi fumbi la Lilongwe. Iwo ndi akazi awo anakhala pasofa, ife akuchikazi kuseri kwa tebulo lokhala ndi nsalu yofika pansi. Nsalu imeneyi ndiyo inandinyenga. Botolo ndinabwera nalo m'jumbo, nditalikulunga m'nyuzipepala. Pemphero lotsegulira la a Gondwe lisanafike pa atsogoleri a dziko, ine nsapato ndi sokosi ndinali nditavula kale, ndikugubuduza mwakachetechete.

Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, adani anga omwe amavomereza. Miyambi inkabwera yokha. Pafupifupi maola awiri zonse zili myaa, mpaka tinafika pa nkhani ya kumene mwambo ukachitikire. A Gondwe ankafuna holo ya mpingo wawo, ine ndinati chinkhoswe n'chakuchikazi. Potsindika mfundoyo ndinaponda mwamphamvu. Botolo linaterereka, n'kutuluka kunsi kwa nsalu, n'kugubuduka pamatailosi pang'onopang'ono ngati lili ndi uthenga, mpaka linakagunda nsapato ya a Gondwe. Pali malemu mayi anga, linakhota lokha kuzemba mwendo wa kampando.

A Gondwe anawerama n'kulitola. Kunja kunali kotentha, botolo likuchita mame. Nkhope yawo inawala.

“Yewo. Kuchigawo chapakati kuno mwatukuka, chakumwa chikumabwera chokha kwa mlendo.”

Onse anaseka kupatula achemwali, amene ankadziwa kuti m'nyumba mwawo mulibe thobwa. Apa ndikanatha kungokhala chete, botolo n'kukhala lopanda mwini. Koma mkulu wa mpingo amwe chinthu chimene chagona kunsi kwa phazi langa masabata atatu, ine ndikuyang'ana? Ndinadzambatuka. Ndinaiwala kuti msomali uja umakonda munthu amene wakhalitsa. Sitepe yoyamba unalowera kuchidendene n'kutulukira pamutu, yachiwiri sindikuikumbuka. Ndinangopezeka ndagwada pamaso pa a Gondwe, phazi lina mu nsapato, lina lili mbee, mkono ndatambasula, mawu osatuluka.

Iwo anagwidwa nacho chisoni. Anati ulemu wotere anauona komaliza ali mwana, ndidzuke, alandira ndi mtima wonse. Ndipo pofuna kundisonyeza kuti alandiradi, anapotokola chitsekerero.

Sindinamvepo bomba, koma sindikufunikanso kulimva. Chitsekerero chinapezeka patapita masiku awiri pamwamba pa kabati. Thovu linakafika kudenga, lotsala linatsikira pa suti yotuwa ija, pa tayi, pa magalasi, ndi pa Baibulo (mwamwayi linali m'chikwama chake). Kenako fungo linadzaza pabalaza. Aliyense wokulira kumudzi analizindikira: thobwa lija linali litakula, linali masese enieni. Ndinaona Yohane akukonza kolala, akuyamba kudzuka kuti apepese m'malo mwa banja, achemwali n'kumugwedezera mutu kuti apitirize. Unkhoswe wanga unali ukuchoka ndikuona.

Sindinadzuke, chifukwa sindikanatha. Ndili chogwada chomwecho ndinamuuza Yohane kuti akhale pansi, nkhoswe ikadalankhula. Ndinaulula zonse: msomali, adokotala, thaulo, filiji, magetsi, ndi kumene botololo linkagona. Ndinati ndapepesa chifukwa cha suti, koma za chidendene sindipepesa, sindinachite kuchigula.

Mayi Gondwe, amene anali namwino asanapume, anafunsa ngati ululu umakula m'mawa. Ndinati eya. Anatola nsapato yanga pansi pa tebulo, anayesa kuipinda, inakana. Anandiuza kuti botolo likhale la madzi, ndipo nsapatoyo ndikakhomere misomali. A Gondwe anali akupukuta magalasi ndi kansalu, osafulumira. Atawavala anayang'ana achemwali.

“Amama, munthu uyu wagwa pansi kuti ine ndisamwe mowa. Akanatha kukhala chete. Ana athuwa likadzawavuta banja, ine ndikufuna ndidzaimbire ameneyu.”

Yohane anabwerera pampando pang'onopang'ono. Za holo ya mpingo sizinatchulidwenso, mwina poopa kuti ndili ndi botolo lina.

Achemwali anavomera kuti unkhoswe ukhalebe wanga, koma anaika lamulo loti pa chinkhoswe ndidzavale nsapato zofewa, ndipo anakandisankhira okha mumsika: zoyera, za mizere yobiriwira. Ndinavaladi, kuchokera kunyumba mpaka pageti. Pageti ndinatulutsa zakuda zija m'jumbo. Ndinaima, ndinalankhula, ndinalandira tambala wa akuchimuna, ndinavina mpaka a Gondwe, mu suti yawo yochapika, anagwedeza phewa limodzi (mboni zilipo). Masiku awiri otsatira kubafa ndinkapita chokwawa, mayi akunyumba akundilambalala ndi patapata mmodzi.

Lero chidendene chikuchita bwino. Thaulo ndimakoka m'mawa uliwonse, khoma ndimakankha mpaka aneba anafunsa ngati likugwa, botolo ndi la madzi ndipo ndinalimanga chingwe. Zoyera zija ndimavala pamsewu, ndikafika pa masitepe a ofesi ndimasintha. Nditabwerera kuchipatala, adokotala anafunsa ngati nsapato zija zikupuma. Ndinawauza zoona zokhazokha, kuti zikupuma ndithu: mu minibasi, popita ndi pobwera.