Gonbei Mphenzi ndi Lupanga la Thabwa

Ku Seki kuno, kwawo kwa osula malupanga, mbava taziona, koma za mitu yamadzi ngati Gonbei ndi anzake, ayi ndithu!

Zinayambira pa mowa wa mpunga. Gonbei, uja ankadzitcha Mphenzi chikhalirecho kuthamanga kwake n'kwa bakha, anamenya tebulo.

"Amangwetu, mawa n'chikondwerero cha mivukuto. Mdala Jinsuke wosula uja akakwera padenga kuponyera ana manachesi, anthu onse maso m'mwamba. Ife lowu m'chipala mwake, lupanga limene wasulira mkulu wa asilikali nyamu! Tikaligulitsa, mawere sitidyanso, mpunga woyera okhaokha."

"Manachesiwo ndi aulere?" anafunsa mnzake Tokuzo Chimimba.

"Tseka pakamwa, nkhumba iwe!"

Wachitatu, Yasu Kaudzudzu, anangoseka, ataledzera kale.

Lupangalotu a Jinsuke analivutikira: chitsulo cha mchenga wakuda, pinda, menya, pindanso, mpaka kulimata dongo n'kuliviika m'madzi, tsuu!

Kutacha, phokoso lili pabwalo, anyamata aja analowera kuseri kwa chipala, nkhwayira atavula pakhomo mwaulemu, poti mayi awo anawalera. M'katimo munali zinthu ziwiri. Pamwamba chimake chakuda chonyezimira, chigwiriro chokutidwa ndi chikopa cha nsomba ndi ulusi wa silika. Pansi pake chindodo chathabwa, chosapaka kanthu.

Gonbei anafumbata chonyezimiracho.

"Nanga ichi, bwana?" anatero Kaudzudzu.

"Ndodo ya nkhalamba imeneyo. Ponya uko!"

Potuluka, nachesi limodzi linagubuduka n'kudutsa pamapazi pa Chimimba. Basitu! Munthu uja liwiro, pakati pa ana gwaa, kulimbirana ndi makanda. Kenako, kukamwa kuli tho, anakuwa:

"Mphenzi! Bisa bwino lupangalo, ndikutolerako ako!"

Maso onse anatsika padenga n'kugwera pa Gonbei.

Mayi Oroku, akazi a Jinsuke, anaima panjira manja ali m'chiuno. Gonbei anatupa ngati finye.

"Patukani, mayi! Ili limadula tsitsi lili m'malere!"

Anasolola, shwee! Thabwa. Loyera bwino, lopalidwa mwaluso, koma thabwa.

Ana anagwa nazo n'kuseka. A Jinsuke padenga paja anachita kugwira mimba.

"Iwe, unabadwira ku Seki konkuno?" anafunsa mayi Oroku. "Lupanga limagona m'thabwa losapaka kanthu kuopa dzimbiri. Chonyezimirachi n'chovala chake chotulukira, timaikamo mtengo kuti chisakhwepe."

"Ndiye ndodo ija..." anayamba Kaudzudzu.

"Ndodo iti? Mwaitani?"

"Bwanawa anati ndiponye."

Kuseka kwa a Jinsuke kunathera pomwepo. Mdala uja anatsika padenga osaona makwerero.

Mwayi wawo lupanga silinabenthuke, mitu yawo ikadalipo. Koma pitani kuchipala cha a Jinsuke lero, muwapeza atatu onse akuduladula makala polipira mlandu wawo, akuda bii, mano okha kuyera. Gonbei amauza odutsa kuti akuphunzira kusula. Mayi Oroku akatsokomola, onse atatu amafulumiza manja.